Achimwene Anathawa Apongozi Pakati pa Zambezi

Bairo Mpadue,
Tete.
17 Novembro

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga ndili chogwada. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Domwe? Mwendo uja ukumatupabe mukachokera kumunda? Mankhwala opaka amene ndinatumiza musamawasunge m'sutukesi ngati chuma, muzipaka. Ife kuno tili moyo, ine ndi achimwene Amílcar, kungoti dzuwa la ku Tete likuwotcha ngati tinalilakwira.

Kalatayi ndapatsira a Kondwani oyendetsa lole ya kachewere. Sindinafune kuimba telefoni chifukwa mumakalankhulira pakhonde la a Maria, ndipo mudzi wonse umamva. Takondwa, ndikudziwa kuti ukuwawerengera ndiwe. Uwerenge pang'onopang'ono, usadumphe mzere, ndipo usaseke mpaka umalize. Ndailemba kawiri. Yoyamba ndinang'amba chifukwa ndinalemba ndili ndi mkwiyo. Mkwiyowo sunathe, koma zilembo zawongoka.

Ine ndikuchapabe ndi kusita kwa Dona Laura, ndipo sanadandaulepo. Madzi pampopi akumabwera m'mawa mokha. Zina zonse zili bwino kupatula nkhani imene ndikulemberani.

Amayi, achimwene ali ndi mtsikana amene akumufuna. Dzina lake ndi Nádia, Mnyungwe wa konkuno, amagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Patha chaka. Anandiuza kuti ndisakuuzeni ndipo ndinasunga, koma pano sizikusungikanso.

Loweruka lapitali linali tsiku lobadwa la Nádia. Anthu ena amagula nsalu kapena nsapato. Achimwene anaganiza zobwereka boti lonse lathunthu, theka la tsiku, kuti likatisiye pachilumba pakati pa Zambezi n'kutibweza meyudiya, dzuwa lili pamutu. Ndinawakumbutsa kuti ife ndife ana a kumapiri, madzi amene timawadziwa ndi a padambo ofika m'mawondo. Anandiyankha kuti ndisawachititse manyazi ndi uchimidzi, ndipo ndipite nawo kuti anthu asanene kuti anapita awiriwiri.

Botilo mwini wake amalitchula katamarau. Lili ngati mabwato awiri aatali oyandikana, pamwamba anayalapo matabwa, pakati pali kadenga ka lona, ndiponso pali mtengo wautali womangapo chinsalu chokola mphepo. Kumbuyo kuli injini. Malo okhalapo anthu ndi ngati khonde lathu lija, osaposa. Zimenezi muzikumbukire, chifukwa vuto lonse linachokera pamenepo.

Ndinadzuka kusanache n'kuphika mpunga, nkhuku ndi kachewere wokazinga. Ndinalongedza mbale zitatu, masipuni atatu ndi makapu atatu, n'kuwerenganso kawiri. Tinafika padoko nthawi ya oito hora, 8 koloko m'mawa, monga tinapangana.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nádia anatsika pa chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, ndipo pambuyo pake panatsika mayi wamkulu thupi, atavala magalasi, ambulera kumanja. Anali mayi ake, Dona Edite, amene anagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma. Ananena kuti mwana wawo sakwera pamadzi ndi mwamuna amene iwo sanamuonepo nkhope.

Amayi, achimwene munawalera bwino, mwinanso mopitirira. Atangomva kuti ndi mayi a Nádia, anavula chipewa, anatembenuka, n'kukanjuta kuseri kwa mulu wa matumba a makala. Dona Edite anatsala atatambasula dzanja. Ndinalandira dzanjalo ndine, kuti lisabwerere lokha. Achimwene anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndikauze woyendetsa boti kuti ulendo walephereka. Woyendetsayo, bambo wachikulire dzina lake a Armando, anati zolipira zinalowa kale ndipo nthawi yayamba kutha, amene akukwera akwere.

Anatipatsa makolete, majekete oyandamitsa munthu akagwa m'madzi. Langa ndinamanga zingwe zonse n'kuwapempha a Armando kuti aone ngati ndamanga bwino, katatu. Kenaka anatigawa awiri mbali ino, awiri mbali inayo, kuti boti lisapendekeke. Achimwene anawaika moyang'anana ndi Dona Edite, mawondo pafupi kugundana.

Tisanapitirire ndi mlatho waukulu womwe, achimwene anali atanyamuka kale. Anakwawa mpaka kutsogolo kwenikweni kumene kulibe mthunzi, n'kukhala chofulatira. Dona Edite anadikira pang'ono, kenaka anati apite akacheze nawo mnyamatayo. Atafika kutsogolo, achimwene anazembera m'mbali n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi injini. Dona Edite anabwerera kumbuyo. Achimwene kutsogolo. Anazungulira kadenga kaja katatu, boti likugwedezeka, madzi akuthovukira pamatabwa. A Armando anakalipa kuti amene akufuna kuvina adikire tikafike pamchenga.

Anzanga kuntchito akundifunsa kuti mtsinje unali wokongola bwanji. Sindikudziwa. Ndinakumbatira mtengo wa chinsalu uja n'kumayang'ana thabwa limodzi. Linali ndi misomali khumi ndi inayi, umodzi wadzimbiri.

Dona Edite atatopa anakhala pansi n'kufunsa mokweza kuti bambo mumagwira ntchito yanji. Achimwene, nkhope ili kumadzi, anati Luzia auze kuti ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika. Ndinawauza, ngakhale anali atamva kale, poti onse anali pamtunda woti n'kupatsirana mchere. Anafunsa za kwathu, yankho linadzeranso mwa ine. Anafunsa ngati amapemphera, chimodzimodzi. Kenaka anafunsa Nádia m'Chipwitikizi ngati mnyamatayo ali ndi matenda a khosi. Nádia maso anali atafiira. Chaka chonse achimwene sanamuuzepo kuti kwathu mkamwini sayang'anana ndi apongozi, salankhula nawo maso ndi maso, sadyera pamodzi. Akuti ankaganiza kuti munthu aliyense amadziwa.

Chilumbacho ndi mchenga woyera, mtengo umodzi, ndi bango kumapeto. A Armando anatichenjeza kuti kubango kusapite munthu chifukwa ndi kogona ng'ona. Ndinayala chitenje pansi pa mtengo n'kugawa chakudya. Mbale zinali zitatu, anthu anayi, choncho ine ndinadyera pachivundikiro cha poto. Achimwene anatenga mbale yawo n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna pobisala. Pachilumba chonse pobisala panali pamodzi pokha. Tinangoona akulowera kubango.

A Armando anathamanga ngati mnyamata, akutukwana m'Chinyungwe, n'kuwakoka kolete. Akuti pamchenga pomwepo panali mkwasa wa mchira wa m'mawa womwewo. Achimwene anabwerera, koma sanabwere pamthunzi. Anakakhala pamchenga wotentha, atatifulatira, mbale ili pambali osaikhudza.

Apa ndi pamene zinaipa. Dona Edite anaika sipuni pansi n'kulankhula ndi Nádia, osatsitsa mawu. Anati agwira ntchito zaka makumi atatu m'chipinda chochirira amayi, ndipo atsikana olira okha popanda mwamuna pakhomo awaona ambiri. Anati mwamuna wobisa nkhope kwa mayi wa mtsikana amatero kuti mimba ikadzaoneka pasadzapezeke womuloza, kapena ali ndi mkazi kumudzi. Anauza a Armando kuti alize injini. Kwa Nádia anangoti, "Zithere pachilumba pompano. Tikakafika kumtunda usadzamutchulenso."

Nádia anayamba kulira. Achimwene anamva zonse, ndinaona mapewa awo akugwa, koma sanatembenuke. Akanatembenuka bwanji, poti kutembenukako ndiye mwano?

Amayi, mukundidziwa. Kusukulu zaka zisanu ndi chimodzi sindinakwezepo mkono, ngakhale yankho ndikulidziwa. Alendo akabwera ndinkathawira kukhitchini. Koma ndinayang'ana chilumba chonse ndipo wamkulu wa kwathu panalibe. Ndinagwada pamchenga, mawondo akupsa, n'kuwomba m'manja.

Ndinati, "Mayi, pepani, ine ndine mwana. Kwathu mwamuna wongosewera sathawa mayi wa mtsikana. Amawagwira chanza n'kumaseka nawo, chifukwa si kanthu kwa iye. Amene timawathawa ndi apongozi okha. Achimwene akuthawani kuyambira oito hora."

Dona Edite anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenaka ananena motsitsa kuti bambo awo omwe ankalumphira m'mapira akaona apongozi awo akubwera panjira, ndipo iwo ankayesa kuti zimenezo zinatha kalekale. Anayang'ana msana wa achimwene, malaya atanyowa ndi thukuta, n'kuyamba kuseka mpaka kuvula magalasi. A Armando nawo anaseka. Ine ndinayesa kuti tapulumuka.

Atapukuta maso anasiya kuseka. Anati, "Chabwino. Ngati ndine apongozi, anandiika ndani? Kunyumba kwanga sikunafike munthu. Akuluakulu ake abwera liti?"

Ndinaitana achimwene kuti mwamva funsolo? Anayankha ali chofulatira kuti Luzia auze. Ndiwauze chiyani? Dona Edite akudikira, Nádia akundiyang'ana ngati ndanyamula moyo wake m'manja. Pakamwa panga panangotuluka kuti amalume a Lourenço abwera Loweruka pa 6 Dezembro. Tsikulo linali m'mutu mwanga chifukwa ndi limene Dona Laura akupita ku Beira ndipo ine sindigwira ntchito. Chifukwa china palibe. Dona Edite anatulutsa telefoni n'kulilemba ine ndikuona.

Pobwerera anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anakakhala okha kutsogolo, anafunyulula ambulera n'kutifulatira, nandiuza kuti ndiwauze akamwini alowe pamthunzi adye. Achimwene anadya mpunga wozizira wa mchenga mpaka kunyambita sipuni. A Armando anazimitsa injini n'kukweza chinsalu chija, boti linayenda lokha mwakachetechete. Pamenepo ndinadzutsako mutu pang'ono, ndinaona mlatho chapansi pake. Ndi waukulu.

Tsopano mverani zimene zikundipsetsa mtima. Achimwene khosi ndi makutu zasupuka ndi dzuwa, dzulo sanapite n'kumsika komwe. Ali gone pamphasa akuuza anzawo pa telefoni kuti ulendo unayenda bwino kwambiri, nzeru ya boti inali yabwino. Nditawauza kuti akuimbireni, anati amene anatchula tsiku ndi amene auze akumudzi. Amaopa ng'ona pang'ono, apongozi kwambiri, koma amalume amawaopa kuposa zonse.

Choncho pempho langa ndi limodzi. Mupite nokha kwa amalume a Lourenço, musatume mwana. Muwafotokozere zonse monga ndalembera, ndipo muwapemphe kuti abwere adzaonekere kwa makolo a Nádia. A Kondwani avomera kuwatenga kutsogolo kwa lole Lachisanu pa 5, adzagona kwathu kuno. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yobzala. Ndikudziwanso kuti mwana wamkazi wosakwatiwa saika tsiku la akuluakulu, ndipo amalume akwiya. Akwiye, koma adzandikalipire atafika kuno. Ndidzagwada n'kumva zonse.

Akapanda kubwera, achimwene asanduka munthu uja Dona Edite ananena pachilumba, ndipo ine ndisanduka wabodza amene anagwada pamchenga n'kunamiza munthu wamkulu. Dona Edite auza kale alongo awo awiri. Nádia ndi mtsikana wabwino, Amayi. Nditadwala malungo mu Juni anabwera ndi mankhwala n'kundichapira zovala, ine wochapira anthu. Mudzamukonda.

Amalume muwatsimikizire kuti za boti kulibe, zonse zidzachitikira pamtunda, kunyumba kwa Dona Edite ku Degue. Dzulo ndinapitako ndi Nádia kukaona njira kuti tisadzasochere. Ndinazungulira nyumba yonse n'kuyang'anitsitsa. Ili ndi zitseko ziwiri, chakumaso ndi chakuseri, ndipo kuseriko kulibe bango. Achimwene adzapeza kothawira.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga ndi ana onse, ndi kwa a Maria, koma nkhaniyi asaimve kaye. Takondwa, tsopano ukhoza kuseka. Yankho mupatsire a Kondwani Lachinayi, ngakhale mawu awiri okha, chifukwa mpaka ndimve sindikudya bwino.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Luzia