Bitiruti ndi zikhatho za Kinsley

Lolemba, 6 Juni 2016

Ndabwera naye Kinsley kuchokera kuchipatala. Malungo atha, koma magazi achepa. Anesi anamutambasula chikhatho, choyera ngati wagwira ufa. Anamukoka chikope, m'katimo namonso mbee. Atipatsa mapiritsi, n'kunena kuti azidya: nyemba, masamba, chiwindi, bitiruti mukamupeza. Kunena n'kosavuta. Mwana wa zaka zinayi ameneyu chimwalirire amayi ake mu Januwale amangofuna tchipisi ndi manachesi. Mlongo wake Iness, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndiye mphunzitsi wake wa kukana. Iye akakwinya mphuno, wamng'onoyo wakwinyanso.

Madzulo aimba foni alamu a Yakobe, achimwene ake a malemu mkazi wanga Deliwe. Nkhani yawafika kale ku Nthache, kaya amanyamula ndani. Akubwera Loweruka. Akuti akapeza mwana ali chomwecho atenga onse awiri, mbumba ndi yawo, ine ndinangobereka. Pamwambo sakulakwa, ndipo n'chimene chikundiwawa.

Lachiwiri, 7 Juni

Pamalire a Mozambiki lero, ndikuthamangitsa mapepala a thiraki ya Fabiao wa ku Tete, ndinamudandaulira za mwana. Anakwera m'galimoto n'kutsika ndi jumbo. "Beterraba, m'bale wanga. Kwathu wochepa magazi timam'patsa ameneyu." Ndiye bitiruti wotchukayo. Zinthu zobulungira, zakuda, zamchira ngati khoswe. Ndinafunsa kaphikidwe, iye akuti amadziwa ndi mkazi wake.

Ndasenda ngati mbatata, ndadula, ndaphika ndi tomato ndi anyezi. Mpeni wofiira, manja ofiira, pakhonde ngati paphedwa mbuzi. Fungo ndiye losakamba, dothi lenileni. Komanso ndiwo yanji yotsekemera? Shuga ndi mchere m'kamwa nthawi imodzi, ngati wophika wasokoneza zitini.

Iness anangosuzumira mumphika. "Adadi, mwadzicheka?" Kinsley analira asanalawe n'komwe. Ine ndinadya mbale yonse ndikumwetulira, ndikugwedeza mutu kuti aone kukoma kwake. Kenako ndinanyamuka mwaulemu kupita kuseri kwa bafa. Zonse zinabwerera momwe zinalowera.

Lachitatu, 8 Juni

Lero ndam'dula motalika n'kukazinga. Ndawauza kuti ndi tchipisi cha ku Mozambiki, chimene amadya ana a mabwana ku Tete. Kinsley analuma kamodzi n'kulavulira pa malaya anga oyera a kuntchito. Iness akuti tchipisi sichituluka magazi.

Ndinakalipa. Ndinati muno si mu lesitilanti, wosadya agone ndi njala. Anandiyang'ana onse awiri ndi maso a amayi awo, n'kukakhala panja. Patapita kanthawi ndinawatsatira ndi manachesi, ndawasendera ndekha. Bambo wolimba mtima ndi ameneyu.

Zotsala ndinaponyera galu wa a Esime, oyandikana nafe. Wanunkhiza n'kubwerera chammbuyo. Galu amene amadya matewera. Sindikumunena.

Mapiritsi okha akulowa, ndikumaphwanyira mu tiyi. Nyemba wakana, chiwindi wabisa pansi pa mphasa, ndachipeza ndi nyerere.

Lachinayi, 9 Juni

Mkodzo wanga wofiira m'mawa. Ndinayesa likodzo. Fabiao waseka pafoni mpaka kutsokomola, akuti ndi mmene zimakhalira. Ndiye kuti m'nyumba muno amene akuwonjezera magazi ndine, munthu wosadwala.

Lachisanu, 10 Juni

Nzeru za a Esime: ndim'pale pang'ono m'phala. Phala linasanduka lapinki, Kinsley anaseka, koyamba sabata ino. Anadya masupuni atatu. Pachinayi fungo linam'peza, anatseka pakamwa ngati geti ya pamalire tsiku la sitalaka.

Ndikutsuka mphika masana ndinam'funsa Iness mwachifatse chimene akuchidera chinthuchi, poti kulawa sanalawe.

Anati, "Chikununkha ngati tsiku lija."

Sindinafunse kuti tsiku liti. Mvula inali itangokata, anyamata akukwirira, dothi lofiira lonyowa likugwa pabokosi la Deliwe. Fungo limeneli ndinalizindikira Lachiwiri pomwe, mpeni utangolowa. Ndimangonamizira kutsekemera, ngakhale m'buku muno.

"Nanunso mumakasanza kuseri kwa bafa," anatero. "Timakumvani."

Manyazi anandigwira. Ndinaona kuti kunama kwakwana, ndinamuuza zonse: amalume akubwera mawa, adzayang'ana zikhatho za Kinsley, zikakhala zoyera nonse mukupita ku Nthache. Anangopitiriza kupukuta mbale imodzi yomweyo.

"Nanga inu mutsala ndi ndani?"

Ndinati tapita ukasambitse mwana, madzi akuzizira.

Loweruka, 11 Juni

A Yakobe afika cha m'ma teni pa njinga yawo ya makala. Manja akuda mpaka m'zigongono, nkhope yosaseka. Tapatsana moni pakhonde, tiyi akana. "Alamu, ndabwerera mwana. Muitaneni."

Kinsley anatuluka atasamba, atadzola, Iness ali pambuyo pake. Amalume anamuika pamwendo n'kumutambasula dzanja. Chikhatho chofiirira bwinobwino, ngati cha mwana wonenepa wa pa chithunzi cha kusikelo. Milomo nayonso. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, kenako ndinakumbuka kuti nditaphika m'mawa m'jumbo munatsala bitiruti mmodzi, ndipo sindinamuonenso.

A Yakobe anayang'ana nthawi yaitali. Ananyowetsa chala chachikulu ndi malovu, n'kutikita pachikhathopo. Anayang'ana chala chawo. Anayang'ana ine.

"Alamu, nzeru zanu izi?"

Ndisanatsegule pakamwa Iness anagwada. "Ndi zanga, amalume. Adadi sakudziwa."

"Ine ndimaotcha makala, mwanawe. Zopaka m'manja ndimazidziwa." Sanakweze mawu. Anam'koka Kinsley chikope, m'katimo moyera monga Lolemba. Ndinadziwa kuti basi, kwatha. M'mutu ndinayamba kulongedza zovala zawo, kuganiza kuti bulangete la Deliwe atenge ndani.

Anafunsa kuti utotowo ndi wa chiyani. Ndinakatenga mphika umene ndinaphika m'mawa, wosakhudzidwa. Ananunkhiza, anatapa ndi supuni, anaika m'kamwa. Nkhope yonse inapindika. Munthu amene amadya mbewa ndi ubweya womwe, koma anameza ngati akumeza mwala.

"Mwakhala mukudya zimenezi sabata yonse?"

Anayankha ndi Iness. "Amadya okha. Akatero amakasanza, mawa lake n'kuphikanso."

A Yakobe anapempha madzi. Anachukucha m'kamwa, analavula kutali, anasamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene manja amafunira. Kenako anaimirira n'kugwira njinga.

"Ndibweranso mwezi ukatha. Ndidzayang'ana m'maso, mmenemo simupakika." Atafika pa mpanda anatembenuka. "Ndikutumizirani nyemba ndi nkhwani wouma. Anawa asafe ndi zakudya za kwa eni."

Atapita ndinangokhala pansi. Sindinam'kalipire Iness. Iye analowa m'nyumba, anabwera ndi sopo, n'kum'sambitsa Kinsley m'manja mpaka kuyera kwake kunabwerera. Kenako anapakula mbale yodzaza, n'kukhala naye pamphasa.

Anatsina mphuno yake, anaika supuni m'kamwa. Misozi inalengeza, khosi linakana kawiri, koma anameza.

"Waona? Tsina mphuno, Kinsley. Osatafuna kwambiri, kungomeza."

Kinsley anayang'ana mlongo wake, anatsina mphuno ndi manja onse awiri, n'kuyasamula. Supuni ya Iness, supuni ya Kinsley, mpaka mbale inafika pansi. Patatsala zidutswa zitatu, Iness anandikankhira mbaleyo.

"Zanu izi, adadi. Koma osapita kuseri."

Ndadya. Chikunyansabe chimodzimodzi. Papita ola lathunthu, ndikadali pakhonde.