Ndinagonjetsa Koleji Yanga Yomwe

Koleji ya Uphunzitsi ya Boma,
Brennock, Dakota.
24 Febuluwale, 1904.

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndi kuzizira kumeneku, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ine kuno ndili bwino, ndipo mayeso a masamu ndakhoza. Masokosi aubweya amene Mayi anatumiza afika, ndawavala pamene ndikulemba pano.

Ndafulumira kulemba chifukwa nyuzipepala ya kuno imafika kusitolo ya a Haugen, ndipo pakamwa pawo mukupadziwa nokha. Ndi bwino mumve kwa ine. Dzina lathu la Fjelstad lili m'menemo, patsamba la masewera.

Bambo, ndimasewera mpira, uja woponyera m'dengu. Ndikudziwa mumanena kuti mtsikana azithamanga pokhapokha ng'ombe zikalowa m'tirigu, koma ndimvereni kaye.

Anatiphunzitsa ndi Mayi Pruitt, mphunzitsi wa zolimbitsa thupi, munthu wamfupi kuposa mng'ono wanga Solveig. Anabwera kuno koleji ino ili nyumba imodzi yokha pakati pa udzu, popanda ngakhale mtengo. Boma litapatsa anyamata bwalo la mpira wawo, atsikana tinapatsidwa chipinda chapansi, pafupi ndi posungira malasha. Mayi Pruitt anasesa okha fumbi lakudalo, nakwera pa tebulo kukhomera madengu kukhoma. A Krull, mmodzi wa akuluakulu oyang'anira makoleji a boma, atawauza kuti atsikana akamatuluka thukuta sadzabereka, iwo anayankha mwaulemu kuti, “Bwana, amayi awo amatuluka thukuta m'munda chaka chonse, koma ana ali mbwee.”

Loweruka lapitali kunabwera atsikana a ku Koleji ya Zaulimi. Aka kanali koyamba kuti atsikana a makoleji awiriwa akumane. Chipale chofewa chinali chitatseka njanji ya kumpoto, choncho anzawo ena anatsala m'njira, ndipo iwo anafika okwanira timu basi, popanda wolowa m'malo. Chipinda chinadzaza, a Krull atakhala kutsogolo ndi chipewa pamwendo.

Tisanayambe, wamtali wawo, Philippa Dunne, anandiyang'ana nati, “Iwe kamphunzitsi, choko wasiya kuti? Lero tikuphunzitsani kuwerenga zigoli.”

“Samba m'manja kaye, wokama ng'ombe iwe,” ndinatero. “Mpirawu usanunkhe mkaka.”

Anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo tinayamba. Tinkasinthana zigoli, wina osamusiya mnzake patali. Titabwerako kopuma, Philippa analumpha, potera anapinda phazi, nagwa. Anayesa kudzuka koma zinakanika. Woimbira anati malinga ndi malamulo, timu yosakwanira yagonja. Anzanga anayamba kukumbatirana. A Krull anaimirira nanena mokweza, “Si izi ndinkanena! Mwana wa eni wapunduka. Zithere pomwepa.”

Mayi Pruitt anapita pamene anagwera mtsikanayo. Anagwada, namanga phazi la Philippa ndi mpango wawo, namukhazika pa benchi. Kenako anatiitana.

“Ana inu, anzanuwa ayenda ulendo wautali m'chisanu kudzasewera, ndiye inu mukuvina chifukwa wina wavulala? Tiwabwereka munthu mmodzi. Gudrun, vula lamba wofiirayo, uvale wobiriwira wa timu yawo.”

“Ine, Mayi? Bwanji osatumiza wa pa benchi?”

“Mlendo sapatsidwa makombo. Ndipo tamvera, ukakasewera mwaulesi dala, ndidzaona, ndipo usadzabwerenso pamaso panga.”

Mnzanga Hedvig, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anandinong'oneza, “Ukangoponya chigoli, ukagona panja ndi akavalo.”

Bambo, munandiphunzitsa kuti ukabwerekedwa kumunda wa mnansi, umakolola ngati ndi wako. Ndinasewera ndi mphamvu zanga zonse. Nthawi itatsala pang'ono kutha, zigoli zili zofanana, mtsikana amene sindikudziwa n'dzina lomwe anandiponyera mpira. Patsogolo panga panaima Hedvig, manja ali m'mwamba, maso akundichonderera. Ndinaponya. Unalowa.

 Kenako ndinamva munthu mmodzi akuomba m'manja, ndipo anali Mayi Pruitt, amene timu yawo inali itangogonja. Philippa anayamba kumenya benchi ndi nsapato imene anavula kuphazi lovulalalo, ndipo posakhalitsa chipinda chonse chinali phokoso lokhalokha. Ine ndinangoima ndikulira, osadziwa ngati ndikulirira kupambana kapena kugonja. Hedvig anakhala osandilankhula mpaka Lolemba, pamene anandiponyera buledi kunkhope nati, “Dzanja lako n'labwino, chitsiru iwe.”

Ndikanakonda kukuuzani kuti a Krull anasintha maganizo, koma ayi. Akuluakulu agamula kuti chaka chamawa atsikana asamakasewerenso ndi makoleji ena, ndipo Mayi Pruitt auzidwa kuti ntchito yawo itha mu Juni. Titapita kwa Mayi Pruitt kukadandaula, tinawapeza akusoka mpira umene unang'ambika. Anati, “Mukulira chiyani? Nonsenu mukupita kukaphunzitsa m'timasukulu ta kumidzi. Kulikonseko kuli khoma, ndipo dengu silisowa.” Sindinaonepo munthu wolandidwa chinthu n'kukhala wosawerama chotero.

Phazi la Philippa silinathyoke, ndipo timu yawo idzabweranso Loweruka loyamba la Malichi. Amenewo ndiwo masewera athu omaliza. Pempho langa ndi ili, Bambo: bwerani mudzaone. Sitima ya m'mawa imafika nthawi yabwino, ndipo a Haugen angathe kukuyang'anirani ziweto tsiku limodzi. Ngati mudzaona chochititsa manyazi, ndidzasiya osatsutsa. Koma ndikufuna mudzagwirane chanza ndi Mayi Pruitt asanachoke.

Mundiperekere moni kwa Solveig, ndi kwa abusa ngati sanawerenge kale nyuzipepalayo. Mayi muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha pena. Ndapempha mpando wa kutsogolo, pafupi ndi mbaula chifukwa cha bondo lanu. Mukapanda kubwera ndidzamvetsa, koma mpandowo sindidzaupereka kwa wina.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Gudrun