Chithunzi cha Mutu wa Achimwene Anu

Okondedwa alamu anga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumudziko. Ife kuno ku Freedom Park tilipo, kungoti kwazizira.

Achimwene anu a Hamza anakapimidwa. Paja mukudziwa kuti akhala akudzandira poyenda, mpaka pageti la mgodi womwe amagwirako ntchito ankawauza kuti auzire m'kachipangizo koyezera mowa m'mawa uliwonse, munthu woti sanaulawepo. Lachiwiri lapitali anawalowetsa m'makina ojambula ubongo, aphokoso ngati chigayo. Chithunzicho ndadzionera ndekha. Dokotala analoza kachigawo ka kunkhongo, kamene kamathandiza munthu kuyenda mowongoka, nati kafota. Magazi nawo aonetsa chifukwa chake ndevu sizimera, komanso chifukwa chake m'nyumba mwathu muli zii, mopanda mwana, zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi. Akuti ndi matenda amodzi, obadwa nawo. Si mowa, si kulodzedwa, ndipo vuto si ine. Mukawauze amayi asiye kuwafunira mkazi wina.

Musade nkhawa. Ayamba kubayitsa jakisoni, kuntchito awachotsa pansi pa mgodi akugwira pamwamba, ndipo ine sindikupita kulikonse.

Kungoti dokotalayo anafunsa ngati makolo awo anali pachibale. Nditayankha kuti anali asuweni, anangogwedeza mutu n'kulemba. Tsono ndamva kuti mwana wanu Mariamu mukumukonzera ukwati ndi msuweni wake. Nsalu za ukwati zija musagule kaye. Ndidzakuimbirani Lachisanu, mudzakhale muli nokha.

Ndine mlamu wanu,
Asha