Mabatire Anayi a Mayi Biserka

Vršac, 14 Meyi

Okondedwa achemwali Zorka,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi amayi muli bwino kumeneko. Kalatayi muwerenge panokha. Amayi amaganiza kuti ndimagwira ntchito ya pansi pa bwalo la ndege, koma Lachiwiri ndinaulutsa ndege yathu yatsopano, yamagetsi, yonyamuka pamalo amodzi ngati helikopita. Musakalipe kaye, imvani za Mayi Biserka.

Iwowa ndi injiniya amene anakonza magetsi a ndegeyi. Ndi munthu wamfupi, wamakani zedi, koma woopa pamwamba moti zipatso za mapulamu za pakhomo pawo amachita kuwathyolera anzawo. Chaka chonse chatha ankalimbana ndi abwana athu, a Gavrilo, omwe ankafuna batire limodzi lalikulu ndi mipando isanu. Mayi Biserka anakana kwamtuwagalu. Anaika mabatire anayi, lililonse ndi mawaya akeake m'njira yakeyake, kuti lina likafa enawo asadziwe n'komwe. Kulemera kwake kunadya mpando wachisanu. A Gavrilo anachita kuwalozera chipata, kuti ndegeyo ikangopendekeka pozimitsa batire m'mwamba, azipita.

Kuzimitsako kukanatheka ali pansi. Koma ndikumanga lamba, ndinangoona Mayi Biserka akukwera, nkhope ili mbuu.

"Mayi, mwasokera? Makwerero omwe aja amakukanikani."

"Iwe Radoš, yendetsa. Mawaya ndi anga, sungafe nawo wekha."

Tinakwera mpaka minda ya mphesa kuoneka ngati mphasa. Ndinagwira chiwongolero zolimba kudikira kuti ndege igwedezeke, mutu uli kwa bambo, mmene injini imodzi yokha ya ndege yawo ija inangoti zii pamwamba pa munda wa chimanga, n'kufera pomwepo. Ndinadikira mpaka manja kuchita dzanzi.

"Zimitsanitu Mayi, thukuta landithera."

"Ndazimitsa kale. Awiri. Tsopano nditsitse ndisanasanze."

Achemwali, sindinamve kanthu, ngakhale kunjenjemera pang'ono. Titatera a Gavrilo anabwera okha ndi botolo la kachasu wa mapulamu, ndipo za mpando wachisanu sanazitchulenso. Mayi Biserka anangokhala pa udzu.

Chonde nditumizireni masokosi otentha aja, ndipo amayi musawauze kaye. Mungowapatsa moni wanga, pamodzi ndi alamu ndi ana.

Dzulo ndinapita kumanda kukawafotokozera bambo zonsezi, ndipo ndinalira. Akanakhala ndi munthu wamakani mmodzi ngati ameneyu, bwenzi kalatayi ndikulembera iwo.

Ine mlongo wanu wosamva uja,
Radoš