Kupatula Ukakhala pa Ngozi

Lolemba, 3 Malichi

Amayi abwera kuchokera ku yunivesite nkhope yakugwa. A Pulofesa awo amvetsera mafunso amene anajambula pa kafukufuku wa udokotala uja, akuti onse atayidwe. Mlandu wake: Amayi amafunsa funso n'kuliyankha okha. Kamlongo kanga kaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Zimenezo tikanawauza ife kalekale!"

Udokotala umenewu, wa mabuku osati wa jakisoni, watilanda ndi tebulo lomwe. Mapepala okhaokha, ife kudyera pamiyendo.

A Pulofesa akuti Amayi aphunzire kukhala chete. Ayesere kunyumba. Pa ine. Mutu wake: zimene atsikana amakumana nazo kusukulu. Mtima wanga myuu.

Lachitatu, 5 Malichi

Aphunzitsi a masamu anditsaziranso anzanga atatuluka. Chitseko anatseka. Akuti ndine wanzeru koma wamanyazi, azindithandiza pandekha. Dzanja paphewa langa, osalichotsa. Akufuna nambala ya foni, ndati ndilibe. Lachisanu sabata yamawa nditsale mpaka onse apite, akuti "tikonze tsogolo lako."

Mwina ndine ndikuganiza zoipa. Amayi amawatama kuti ndi amene anandikweza masamu.

Loweruka, 8 Malichi

Mafunso ndi mawa. Ndayeserera mayankho pagalasi. Zimbudzi zakuda. Mabuku osakwanira. Basi.

Lamulungu, 9 Malichi

Kuchipinda kwa Amayi, foni pabedi ikujambula. Mawu achilendo ngati a pa wailesi, mpaka kunditchula kuti "inu". "Pano sindine mayi wanu. Funso lililonse mukhoza kulikana. Zimene munene ndi chinsinsi, kupatula mukakhala pa ngozi."

Ndinanena za zimbudzi. "Mm." Za mabuku. "Mm. Palinso china?" Kenako zii. Ine kudikira kuti andiyankhire ngati kale. Ayi ndithu. Kungondiyang'ana. Pakamwa panatseguka pokha. Chitseko, dzanja, Lachisanu, zonse.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Koma anangoti, "Zikomo chifukwa cha nthawi yanu." Anazimitsa foni n'kupita kukachapa zovala zochapa kale.

Lachiwiri, 11 Malichi

Palibe chimene anena. Ali patebulo, mahedifoni m'makutu, kulemba liwu lililonse, kubweza, kumvetseranso. Mawu anga amenewo. Dzulo ndi lero ndawapeza pageti poweruka, akuti amangodutsa.

Kodi akwiya? Sakundikhulupirira? Kapena chinsinsi chija akuchisungadi? Ndikuopa kuti apita kusukulu, kalasi yonse izindiloza. Ndikuopa koposa kuti sapita.

Chakudya sichikutsika. Lachisanu likubwera.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndikupukuta nsapato, Amayi anabwera kudzakhala pansi pambali panga. Lero panalibe "inu". "Mwanawe, ukukumbukira mawu anga oyamba aja? Kupatula."

Akuti akanatsata mtima, sukulu ija akanaigwetsa Lamulungu lomwelo. Anayamba afunsa a Pulofesa njira yake, osanditchula dzina, kuti ukali wawo usapweteke ine. Akuti wofufuza saulula chinsinsi mwakabisira, amayamba wauza mwini wake. "Ndiye ndikukuuza. Mawa ndikupita kwa a hedi. Zojambula zija sindipereka, mawuwo ndi ako. Ulankhula wekha kapena ndikulankhulire?"

Ndinangolira, polishi mpaka kumaso.

Kupatula kuja ndinakumva bwinobwino tsiku lija. Mwina n'chifukwa chake ndinanena.

Lachisanu, 14 Malichi

Pabenchi, panja pa ofesi ya a hedi. Ndikulembera pabondo, zilembo zikukhota.

Aphunzitsi a masamu adutsa pompano. Moni wansangala kwa Amayi, kenako aona ine, kumwetulira kwazima. Amayi angowayang'ana mpaka akhota pakona.

Ndawauza Amayi kuti ndilankhula ndekha, iwo angokhala chete pambali panga. Akuti zimenezo tsopano amatha.

Chitseko chatseguka, akutiitana