Khomo Lililonse Tambula Yake

Lachiwiri, 27 Meyi

Tabwerako ku Sibu. Mvula njira yonse. Dokotala Kho sanabise: chiwindi cha bambo a Sendi chauma, chatsala kachidutswa. Mowa ayi, ngakhale kadontho. "Mukalawanso, Olemekezeka, mudzabwera kuno chogona." Eni ake kuseka, kumugwira chanza dokotala ngati wawauza zabwino. 

Chondiwawa n'choti bambowa si chidakwa. Pakhomo pano botolo palibe. Chiwindicho chatha ndi ntchito. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali phungu wa dera lino ku Nyumba ya Malamulo ya Sarawak, ndipo phungu akalowa m'nyumba yaitali, khomo lililonse limamudikira ndi tambula ya tuak, mowa wathu wa mpunga. Makomo makumi awiri, makumi atatu, denga limodzi. Ukamwa pa khomo ili n'kudumpha linalo, wanyoza banja lonse.

Gawai, chikondwerero chathu cha zokolola, ndi Lamlungu lino. Mpunga wakololedwa, mitsuko yatseguka, nyumba zonse zaitana phungu wawo. Chisankho chaka chomwe chino, chipani sichinatchule woimira. Mankhwala adya maringiti mazana anayi.

Lachinayi, 29 Meyi

Mujah anabwera, wapampando wa chipani kudera kuno. Mimba patsogolo, iye pambuyo. Wamaliza mbale yonse ya makeke amene ndinaphikira Gawai. Nkhani yake: Entalai, loya wachinyamata uja wa kulikulu ku Kuching, akufuna mpando. Akuzungulira nyumba za kumtunda kwa mtsinje, akumwa ngati alibe pansi.

Ndinamuuza Mujah za dokotala. Anayang'ana kukhomo ngati ndatukwana. "Mayi a Sendi, zimenezo zithere m'nyumba muno. Phungu wodwala chipani sichimupatsa tikiti." Kenako kwa bambo: "Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene." Nkhonya zake ziti? Iye amamwa theka, theka lina amathira m'maluwa, ndinamuona ndi maso angawa.

Bambo andiletsa kuuza aliyense. Ngakhale Sendi, mwana wathu yemwe. Ndavomera ndi pakamwa pokha.

Masana ndimakumbukira zimene achita. Mlatho wa pasukulu, ana asiya kuwoloka pa nsungwi. Kachipatala ka pa Nanga Selipi. Nkhalamba zobadwira kumunda zimene anazithamangira mpaka kupeza ziphaso za unzika. Tsiku lija anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kukana kuti odula mitengo alowe m'nkhalango ya makolo, anzake a chipani akumukoka jekete. Zonsezo lero zikulemera pang'ono kuposa tambula imodzi.

Lamlungu, 1 Juni

Nyumba yaitali ya a Nyambong. Ng'oma, atsikana atavala ndalama zasiliva m'chiuno, nkhumba yowotcha. Pamakwerero tambula yoyamba.

Bambo anachita zimene tinagwirizana. Anakhudza mlomo wa tambula ndi chala, chala n'kupititsa pakamwa. Mwambo umalola zimenezo, munthu asakane chopatsidwa n'kudziitanira tsoka. Mlendo wina aliyense akatero, nkhani yatha. Phungu ayi. Khonde lonse zii. Khomo lachiwiri chimodzimodzi. Pofika lachisanu kung'ung'udza kunali kumveka mpaka kumapeto.

Mayi wina wachikulire, Indai Jelawai, amene bambo anamuthamangira mpaka analandira ndalama za okalamba, anayankhula mokweza dala: "Mowa wathu wayamba kununkha eti? Wa ku Kuching wa m'mabotolo ndiye wokoma?" Anthu gwagwagwa kuseka.

Ndinalanda tambula kuti ndimwe m'malo mwawo, ine amene sindinamwepo chikwatiwire. Mwini khomo anandigwira dzanja. "Alamu, sitinavotere inu." Kusekanso. Ndinalakalaka kufuula kuti munthuyu akufa, anthu opanda maso inu, simukuona maso ake achikasu? Ndinaluma lilime. Lumbiro lopusa.



Lachiwiri, 3 Juni

Zili m'mafoni. Mbali ina bambo ndi chala chawo pa tambula, mbali ina Entalai akugugudiza, anthu akukuwa "Ooo-haa!" Mlongo wanga yemwe wanditumizira, ati mwaona? Ndaona. Ndinalipo.

Takangana. Ndinati tiuzeni anthu zoona, kapena musiye mpandowo, tikalime tsabola kumunda kwathu. Iwo ndi msewu wawo. Msewu wa kumtunda wafika theka, ndalama za theka linalo zidzakambidwa chisankho chikatha. "Ndikachoka ine, msewu uthera pomwe wafikapo. Entalai sadziwa ngakhale kumene mathithi ali." Anatchulanso Lemba, mtsikana uja anafera m'bwato ndi mimba akuthamangira kuchipatala, chaka chawo choyamba pampando. Akafuna kunditseka pakamwa amatchula Lemba.

Ndinati, nanga ine? Nanga Sendi? Msewu udzamuperekeza Sendi pa ukwati wake? Anati ndikulankhula ngati mkazi wa munthu wamba. Ndine mkazi wa ndani nanga? Ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu wa nsapato imodzi, chipani chinabwera pambuyo.

Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinawauza choncho, ndipo sindikubweza.

Lachinayi apita kumtunda. Ndipita nawo, ndikawayang'anire.

Lachisanu, 6 Juni

Amwa.

Dzulo, nyumba ya a Gelayan, kwawo kwa malemu mayi awo. Theka la tsiku m'bwato. Pagombe anthu ochepa, ng'oma yozizira. Mbiri inali itafika kale. Pamakwerero mtsikana ndi tambula, maso pansi. Bambo anandiyang'ana kamodzi. Ndinapukusa mutu. Anatenga, anagugudiza yonse, n'kuitembenuza kuti onse aone.

Phokoso lake! "Ooo-haa!" Nyumba yonse kugwedezeka. Amuna kuwanyamula. Khomo ndi khomo, ine pambuyo ndikukoka shati ngati wamisala. Mujah anandikankhira pambali ndi phewa: "Asiyeni agwire ntchito." Pakati pa nyumba wina anatulutsa kachasu, ati tuak ndi wa ana. Anamwanso ameneyo. Anavina, nthenga kumutu, anayankhula za msewu, anthu misozi. Kunena zoona sindinawaonepo akusangalala chotere zaka zambiri, ndipo zimenezo zikundinyansa kwambiri.

Mmamawa lero m'bwato, tisanafike pamathithi, anasanza. Magazi okhaokha, akuda. Ndinawagoneka pamiyendo. Woyendetsa bwato akulira, injini ikuzima. Msewu ukanakhalapo bwenzi tili kuchipatala kalekale. Ndikudziwa. Asandiuze munthu.

Ndikulemba pabenchi kunja kwa chipinda. Siketi yauma gwa ndi magazi.

Lolemba, 9 Juni

Ali moyo. Mapaipi m'mphuno, m'manja. Mitsempha ya kukhosi inaphulika, madokotala amanga. Dokotala Kho sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena, ndikanapeza wokalipira. Wati ntchito yatha, zoyendayenda zatha, ndipo za miyezi ya kutsogolo sakulonjeza.

Sendi wafika kuchokera ku Kuching. Sanandipatse moni. "Munadziwa, mayi, ndipo munangokhala chete?"  Atate ake amawasisita tsitsi, ine sandiyang'ana. Amene anamwa ndi ngwazi, amene anasunga chinsinsi ndiye mfiti.

Foni yawo ili kwa ine. Ikungolira. Wina akufunsa za malata a tchalitchi. Wina mwana wake akufuna kalata ya sukulu. Wa kunyumba ya a Nyambong wadandaula kuti kwa a Gelayan anamwa, kwawo anakana, ndiye abwerenso adzakonze. Adzakonze! Ndazimitsa foni ndisanaiponye pakhoma.

Indai Jelawai watumiza nkhuku ndi mpunga watsopano. Wati sanadziwe. Ndaika pansi pa bedi, sindikudziwa ngati ndikhululuke.

Lachitatu, 11 Juni

Mujah. Dengu la zipatso lokulunga ndi pulasitiki, dzina la chipani pamwamba. Anaima kumiyendo kwa bedi, bambo ali mtulo. Sanafunse zimene dokotala wanena.

Nkhope yowala. Ati kumtunda konse kwabwerera kwa ife, kanema wa kwa a Gelayan wamufafaniza Entalai. Akuluakulu a chipani akondwa. Vuto limodzi lokha, mwini wake sangaime. Koma dzina la banja lino ndi lolemera, makamaka pano anthu akumva chisoni. Anatero kumene, "makamaka pano."

Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akugula ng'ombe. "Inu mayi a Sendi, sukulu munapita, anthu amakudziwani, mutha kuima inuyo. Kungoti ndifunse. M'mimba mwanu ndi molimba? Mungayambe pang'onopang'ono, theka la tambula, pofika chisankho mwazolowera."

Ndinagwira botolo la madzi la patebulo. Mulungu ndi mboni, likanathera pamphumi pake. Sendi anaimirira, kwa nthawi yoyamba mbali yanga, n'kumutsegulira chitseko.

Ndiye dzanja linandigwira pamkono. Lozizira, lopanda mphamvu. Bambo anali maso, anamva zonse. Ndinawerama poganiza kuti akufuna madzi, kapena anena pepani, kapena amuthamangitse munthuyu m'chipinda.

"Msewu," anatero. "Watsala theka."

Zaka makumi atatu m'banja, mawu oyamba atatsitsimuka ndi amenewo.

Mujah wati adzabwera Lachisanu kudzamva yankho. Ndakwiya ndi iye, ndi chipani, ndi makomo onse a mtsinje uno, ndi bambo wogona apayu koposa onse. Koma siketi ija yakana kuyera, ndipo ndikatseka maso ndikumva injini ija ikuzima pamathithi.

Ndinayenera kumuuza Mujah kuti ayi pomwepo. Pakamwa ndinatsegula. Koma ayi uja sanatuluke.