Utoto wa pa Mjigo wa Apongozi

Charkandi
14 Febuluwale 2023

Okondedwa Achemwali Anjuara,

Ndikhulupirira muli bwino kuntchito kwanu kosoka zovala ku Chattogram. Kuno mpiru wakhwima m'minda, ndipo kamwana kanga Tuni kayamba kuthamangitsa abakha.

Pali nkhani imene yandikhala pakhosi kwa miyezi. Mukuukumbukira mjigo wa pakhomo pa apongozi anga aakazi, wopakidwa utoto wobiriwira kukamwa? Tsiku lina ndikuchapa kudziwe, amake a Jorina, oyandikana nafe, anandinong'oneza kuti, "Iwe mtengwa, mwana ukummwetsa madzi amenewo? A boma atayeza anapaka wofiira. Wobiriwirawo unangomera ngati bowa." Mukudziwa kuti wofiira ndiye kuti muli aseniki, poizoni wa pansi panthaka uja wosanunkha. Ndipo abambo a Tuni ali ndi timadontho takuda m'zikhatho, timene amati n'chizindikiro cha poizoniyo.

Nditawafunsa apongozi anati, "Pofunika kupaka wofiira ndi pakamwa pa make Jorina. Mjigowu anapaka ndi a boma."

Komabe tsiku lililonse Tuni ankamwa madzi omwewo. Ndinakadandaula kwa mayi Shefali, aphunzitsi a kusukulu ya atsikana. Anandiuza kuti lamulo limalola aliyense, ngakhale ine wolekezera sitandade 5, kufunsa ofesi ya boma, ndipo iyenera kuyankha nthawi yoikika isanathe. Ndinalemba funso limodzi lokha: mjigo wathu mutauyeza munapeza chiyani? Ndinakapereka ku ofesi ya zamadzi pochokera kusikelo, nandipatsa kalisiti.

Nthawi ija inatha, kuli zii. Nditabwererako ndinapeza kalaliki akumwa tiyi. "Bwana ali kumsonkhano. Mwamuna wako ali kuti? Kweza mawu mlongo, ukuyankhula ndi nsapato zanga?" Anzake anaseka. Ndinalira njira yonse m'rikisho, njinga yonyamula anthu ija, ndikuti zathera pomwepo.

Aphunzitsi atamva anati, "Morjina, pukuta nkhope. Akakhala chete mpaka nthawi kutha, ndi chimodzimodzi kukana, ndipo wokanayo ali ndi womuposa. Tichita apilo kwa mkulu wake. Nayenso akagona, tikadandaula ku bungwe la kulikulu ku Dhaka, limene limatha kuwaitana ndi kuwalipiritsa za m'thumba mwawo. Koma tisachedwe, apilo nayonso ili ndi nthawi yake."

Ine ndinkaona ngati munthu wamng'ono akapanda kuyankhidwa amangobwerera kwawo. Sindinkadziwa kuti kuseri kwa khomo lotseka kuli khomo lina. Tinalemba, n'kuphatikizapo kalisiti kaja.

Za ku Dhaka sizinafunike. Sabata yathayi wapositi anafika ine ndikupeta mpunga, envulopu n'kuilandira apongozi. Anaitembenuza uku ndi uku. "Ya ndani? Werenga, poti wasukulu ndiwe." Abambo a Tuni anali pomwepo akusoka ukonde.

Achemwali, ndinawerenga mokweza mpaka kumapeto. Mjigowo anaupeza ndi poizoni wopitirira muyezo, ndipo anaupaka wofiira chaka chimene ine ndinali ndisanabwere pakhomo pano.

Apongozi anakhala pansi. Kenako anati, "Mwana wanga akanakwatira ndani? Mabanja awiri a atsikana anabwerera pamjigo pomwepo atauona wofiira, m'nyumba osalowa n'komwe. Ndiye ndinapaka wobiriwira. Ndinkati tikakolola tikumba wina wakuya. Inenso ndimamwa omwewo, make Tuni."

Ndinafuna kukwiya kwambiri, koma mkwiyo unabwera wochepa. M'mawa mwake apongozi anauza mwana wawo kuti achotse chogwirira cha mjigo, iwo n'kunyamula mtsuko kutsogola kumjigo wakuya wa kusukulu. Ndi kutali, ndipo panjira sitiyankhulana. Koma timapita tonse.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapita kumudzi pa Idi, Abambo athu musawauze. Tsiku limene anabwera kudzaona pakhomo pano anayang'ana mjigo, anamwa madzi ake, n'kunena kuti mwana wawo amusiya pabwino. Asiyeni akhale nazo zomwezo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Abambo a Tuni apita kuchipatala Lachinayi, muwakumbukire m'mapemphero. Tuni akuti bwerani ndi zibangili zofiirira. Zikhatho zake ndimaziyang'ana m'mawa uliwonse, n'zoyera bwinobwino. Za zikhatho zanga tidzakamba mukadzabwera.

Ndine mng'ono wanu,
Morjina